Tsiku Limene a Khwatchani Anasowa Chokhwatcha

A Festus Kanyumbu ankakhwatcha chilichonse. Ukawalembera kalata, inkabwerera itakhwatchidwa. Ukawaitana ku msonkhano, ankabwera ndi choko m'thumba la malaya, ndipo pofika pa pemphero lotsekera theka la zimene takambirana linkakhala litadulidwa mzere pa bolodi, pa chitseko, kapena pansi penipeni ngati panalibe polemba. N'chifukwa chake kuno kumapiri a Dowa dzina loti Kanyumbu linatsala pa chiphaso chokha. Ana, akulu, ngakhale abusa, tonse tinkati a Khwatchani.

Ine ndine Elifala. Ndimalima fodya ndi chimanga, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi ndinali wapampando wa komiti ya sukulu imene iwo ankaphunzitsa sayansi. Si ine munthu wa mawu ambiri. Ndilemba zimene ndinaona, makamaka za tsiku limene sayansiyo inatsala pang'ono kuchotsedwa pa sukulu yathu, pamodzi ndi mwini wake.

Matenda okhwatchawa anawatenga m'phunziro lawo lomwelo. Ankati ukasungunula mankhwala awiri m'madzi n'kuwasakaniza, amamwazikana kukhala tizidutswa totchedwa ma-ayoni. Tina timagwirana n'kupanga chinthu chatsopano. Tina timangoyandama, kulowa momwe tinalili n'kutuluka momwe tinalili. Ndiye umalemba zonse pa bolodi, zolowa kumanzere, zotuluka kumanja. Chilichonse chooneka mbali zonse ziwiri chosasintha, ameneyo ndi woonerera. Umamukhwatcha. Chotsalacho ndicho chachitikadi. Ine zimenezi ndinazidziwa osafuna, chifukwa ankazifotokozera aliyense, ngakhale pa mzere wa kuchigayo.

Akanakhala kuti ankazisiya m'kalasi, bwenzi palibe vuto. Koma ayi.

Chaka cha zisankho zoyamba za zipani zambiri, kunabwera misonkhano itatu pa bwalo la mpira, sabata zotsatizana. A Khwatchani anapita konse, kope m'manja, osavala nsalu ya chipani chilichonse. Anthu anayamba kunong'ona kuti ndi kazitape. Lamlungu titatuluka m'tchalitchi anatsegula kopelo pansi pa mtengo wa mbawa n'kutiwerengera. Msewu: onse atatu analonjeza. Khwatcha. Mjigo: onse atatu. Khwatcha. Feteleza, mlatho, mankhwala kuchipatala, zonse khwatcha. Pa masamba khumi ndi limodzi panatsala mawu amodzi okha amene aliyense ananena ndi nkhope yakeyake, oti "ndivotereni ine". Anatseka kope n'kupita kukadya.

Ulendo wina anawapempha kukhala nkhoswe pa mlandu wa Luke ndi mkazi wake Rebeka, amene anali atalongedza kale mapoto. Ankhoswe enafe tinakonzeka kukhala mpaka dzuwa kupendeka. Iwo anatenga kamtengo, n'kujambula mzere pa dothi. Madandaulo a mwamuna uku, a mkazi uku. Luke anati mkaziyu samandilemekeza, Rebeka anati mwamunayu samandilemekeza. Khwatcha. Amalankhula mokweza, onse awiri. Khwatcha. Abale ake amadya kwathu, onse awiri. Khwatcha. Kumapeto panatsala wailesi, imene Luke ankainyamula popita ku bawo pa nthawi ya pologalamu ya kwaya.

"Nkhani ndi wailesi," anatero a Khwatchani. "Zinazi ndi zoonerera. Luke, wailesi izitsala pakhomo."

Banjalo lilipo mpaka lero. Ali ndi ana asanu ndi awiri.

Ine sanandisiye. Pa msonkhano wa komiti ndinali ndi chizolowezi chomvetsera kaye, osathamangira kuyankhula, ndipo nthawi zambiri msonkhano unkatha ndisanayankhule. Tsiku lina a Khwatchani anandiloza ndi choko pamaso pa anthu onse. Anati mwa ma-ayoni onse woonerera wamkulu ndi sodiyamu: amapezeka paliponse, sagwirana ndi aliyense, amatuluka momwe walowera. Apampando athuwa, anatero, ndi sodiyamu weniweni. Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Dzinalo linakakamira ngati chisoso pa buluku, moti mpaka ku okushoni ku Kanengo kunali anthu ondiitana kuti a Sodiyamu osadziwa n'komwe tanthauzo lake. Kwa zaka zinayi ndinkawapatsa moni wa pakamwa pokha, dzanja lili m'thumba.

Sukulu yathu inali ya MCDE, zija za ana amene sanasankhidwe kupita ku sekondale ya boma, zipinda zitatu zimene tinaumba njerwa tokha. Labu kunalibe. Sayansi yonse inkachitikira pa bolodi. Ana ankasakaniza mankhwala ndi choko, kuwawiritsa ndi choko, n'kuwataya ndi chofufutira. Chinthu chenicheni cha sayansi pa sukulu yonse chinali chimodzi: botolo la bulauni, lalitali ngati chitsononkho cha chimanga, limene a Khwatchani anapatsidwa kalekale ndi mphunzitsi wina wa ku mishoni pamene ankasesa mashelefu ake popuma ntchito. Pa pepala lake panalembedwa kuti Sr(OH)₂. Iwo ankalitchula dzina lonse, sitironshiyamu hayidirokisayidi, mwaulemu ngati akutchula apongozi. Enafe tinkangoti mchere wa aphunzitsi.

Botololo silinkagona ku sukulu. Linkakhala kunyumba kwawo m'kabokosi ka matabwa, pamwamba pa kabati, pamalo pamene anthu ena amaika chithunzi cha ukwati. Akazi awo, mayi Manesi, ankati m'nyumbamo muli mkazi wamkulu ndi wamng'ono, ndipo iwo ndi wamng'onoyo. Chaka chilichonse ana a Fomu 3 akayamba, a Khwatchani ankalinyamula ndi manja awiri, n'kulitsegula, n'kuzungulira nalo kalasi yonse kuti aliyense asuzumiremo. Kuona kokha, osagwira, osanunkhiza. Mlendo aliyense wofika pakhomo pawo ankaonetsedwa, afune asafune. Koma kutapamo ngakhale ka supuni kamodzi, ayi. Ankati likudikira tsiku lake.

Tsikulo linabwera ndi kalata. Boma linali litalengeza kuti sukulu za MCDE zisanduka sekondale zoyendera, ndipo a ku ofesi ya maphunziro analemba kuti atumiza woyendera sukulu kudzaona ngati ifeyo tingathe kuphunzitsa Fizikosayansi. Akapeza kuti ana sanaonepo chilichonse chikuchitika ndi maso awo, phunzirolo lichotsedwa, ndipo mphunzitsi wake atumizidwa kwina kumene kuli zipangizo. Tanthauzo lake tonse tinalimva. Mwana wa kuno wofuna unamwino kapena udokotala akanayenera kukafuna malo ku Mponela kapena ku boma, ndipo makolo ambiri sakanatha. A Khwatchani nawo, atakhala nafe zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, akanakweza kabati yawo pa lole.

Anawerenga kalatayo pa komiti, osakhwatcha liwu ngakhale limodzi. Apa m'pamene ndinadziwa kuti aopa.

Anakonza dongosolo. Adzasungunula mchere wawo m'madzi, kuonetsa kuti m'madzi ozizira umasungunuka pang'ono koma m'madzi otentha umasungunuka kwambiri. Kenako adzathiramo asidi wotchedwa hayidirokiloriki, n'kulemba zonse pa bolodi, n'kukhwatcha sitironshiyamu ndi kilorayidi pamaso pa woyenderayo, kutsale madzi okha. Ankayeserera kukhwatchako m'malere akuyenda mumsewu. Asidiyo anatuma Agustino, mwini pikapu ya matola imene inkapita ku Lilongwe kawiri pa sabata. Madzi a pa mjigo anawakana, amvekere ali ndi michere yawoyawo imene ingasokoneze zinthu. Ankafuna a mvula, osakhudza dothi. Munthu yekhayo amene anali ndi mgolo woyera pansi pa malata ndinali ine.

Anabwera kwathu m'mawa ndikusoka fodya m'chigafa. Anaima pakhomo nthawi yaitali, chipewa m'manja.

"A Sodiyamu," anayamba, kenako n'kukhosomola. "Apampando. Ndimati ndipemphe madzi."

"Woonerera amapereka madzi?"

"Amapereka, ngati ali a mvula."

Ndinawauza kuti ndibweretsa ndekha. Sindinachitire iwo. Mdzukulu wanga anali mu Fomu 1.

Dzulo lake la tsikulo Agustino anabwera chimanjamanja. Anati kusitolo ya mankhwala anamufunsa kalata ya sukulu yokhala ndi chidindo, ndipo sukulu yathu chidindo inalibe. A Khwatchani anakhala pa khonde la ofesi. Kenako maso awo anagwera pa pikapu ija, imene Agustino ankaiimika pa mtsetse nthawi zonse chifukwa inkalira poikankha basi. Anamufunsa kuti kodi batire imene siliza galimoto ili ndi ntchito yanji. Agustino anayankha kuti imayatsa wailesi. Anakangana mpaka ana kuweruka. Pamapeto pake Agustino analola kuti atapemo asidi pang'ono, bola ana a Fomu 4 adzamukankhe.

Woyendera sukulu anali mayi Msiska, mayi wamfupi, wa magalasi, wosaseka ndiponso wosakwiya. Anafika cha m'ma naini m'mawa, nsapato zili matope okhaokha, n'kukhala kumbuyo kwa kalasi ya Fomu 4 ndi faelo pa miyendo. Makolo anadzaza m'mawindo. Ine ndinalowa ndi ndowa yanga ya madzi n'kuima pakona. Mayi Manesi anakhala pakhomo ndi mbaula ndi ketulo. Pa tebulo panali mabotolo anayi a jamu otsukidwa bwino, supuni, kansalu koyera, ndi botolo la bulauni lija pakati ngati mkwatibwi.

A Khwatchani anavala jekete. Anafotokoza bwino kwambiri, ndiyenera kuvomereza. Kenako anatsegula botolo, ndipo kwa nthawi yoyamba chilandirireni anapisamo supuni. Anatapa ufa woyera wa pamwamba, n'kuthira m'madzi ozizira, n'kutakasa. Ufa unazungulira n'kukhala pansi. Iwo anati taonani, m'madzi ozizira ndi waulesi. Tsopano otentha. Mayi Manesi anabweretsa ketulo. Anathira, anatakasa. Ufa unazungulira n'kukhala pansi.

Anatakasanso. Anaitanitsa madzi owira kwambiri. Anatakasa mpaka supuni kulira ngati belu la sukulu. Ufa uja unangoti phee pansi pa botolo, woyera ngati laimu wa pa khoma. Ndinaona thukuta likutsika kuseri kwa khutu lawo. Kumbuyo kuja mayi Msiska anatsegula faelo n'kuyamba kulemba.

Amene anaswa bata anali mayi Manesi, ali pakhomo pomwepo, chikupizo cha mbaula m'manja.

"Komatu sungakhale wonyowa, abambo. Ine ndakhala ndikuuyanika."

A Khwatchani anatembenuka pang'onopang'ono. Anafunsa kuti atani.

Mayi Manesi anafotokoza mosabisa, ngati munthu woyembekeza kuthokozedwa. Anati atangolowa m'nyumba mchere uja unkaoneka wa chinyezi, ndipo mkazi aliyense amadziwa kuti chosungidwa chimafuna mphepo: nyemba, ufa, mbewu ya mtedza, mchere wa pa ndiwo. Ndiye chaka chilichonse dzuwa la Okutobala likakwiya, abambo akapita kusukulu, iwo ankatsitsa botolo, kuchotsa chivindikiro, n'kuliika pa khonde mpaka masana. Sabata yathunthu. Anayamba chaka cha chilala chija, osaphonya.

Amayi a m'mawindo anavomereza ndi mitu. Aliyense wa iwo akanachita chimodzimodzi.

"Mwandipha, mayi," anatero a Khwatchani motsitsa mawu.

"Ndakuphani ine? Inu simunkatsegula? Abusa atabwera munatsegula. Wogula nkhumba uja munamutsegulira. Ana a Fomu 3 chaka ndi chaka ankapumiramo ngati akuuzira phala."

Ine ndinati basi, zatha, tikafune lole. Koma ndinaona dzanja la a Khwatchani likulowa m'thumba la malaya lokha, mwini wake asanaganize. Linatuluka ndi choko. Anapita pa bolodi, n'kujambula mzere pakati. Kumanzere analemba kuti Manesi anatsegula. Kumanja, Festus anatsegula. Anayang'ana kwa kanthawi. Khwatcha, khwatcha.

"Kutsegula kuli mbali zonse ziwiri," anatero. "Ndi koonerera. Ana inu, chatsala n'chiyani? Chinalowa m'botolo n'chiyani?"

Mtsikana wina wa pa benchi la kutsogolo, Rakele, mwana wa mayi wamasiye wa kuseri kwa phiri, anati mpweya.

Kuchokera pamenepo a Khwatchani anaiwala kuti kumbuyo kuli munthu wa faelo. Anavula jekete. Anati mu mpweya muli kaboni dayokisayidi, yemweyo timapumira kunja, ndipo mchere wawo ukakumana naye umasanduka chinthu china, sitironshiyamu kaboneti, chimene sichisungunuka m'madzi ngakhale utawiritsa mpaka Khirisimasi. Analemba zimenezo pa bolodi. Anati kwa zaka zonsezi ankaganiza kuti akusunga botolo, osadziwa kuti ntchito ikuchitika m'katimo pang'onopang'ono, akazi awo ali kapitawo. Kenako anati sayansi sikhulupirira pakamwa pa munthu, tiyeni tiyese. Ngati ufawu ndi kaboneti, ukakumana ndi chowawasa uchita thovu. Ndani ali ndi ndimu?

Mayi wina pa windo anali ndi mandimu m'dengu, ankapita nawo kumsika. Ndimu inadutsa m'manja asanu kufika pa tebulo. A Khwatchani anatapa ufa wina pa mbale, n'kufinyirapo. Ufa unachita thovu, kulira kuti syiii, ndipo ana makumi anayi anadzuka onse nthawi imodzi kuti aone. Anati thovulo ndi mpweya uja ukutuluka, wa pa khonde la mayi Manesi ndi wa m'mapapo a Fomu 3. Mayi Msiska anali atasiya kulemba.

Anafunsa, ali pomwe anakhala, ngati botolo lonse laonongeka. A Khwatchani anati mpweya umayambira pamwamba, ndipo mwina pansi sunafike. Supuni inakanika kuboola chigamba cholimba chimene chinali pakati. Panafunika chinthu chachitali, chowonda. Ndinatuluka, n'kumasula sipoko imodzi pa njinga yanga, n'kuitsuka ndi madzi a mvula. Njingayo inayenda mopotoka mpaka nditagulitsa fodya.

Anaboola chigamba chija mosamala. Pansi pake panali timiyala towala ngati shuga wa mibulu. Anatulutsa masupuni awiri, n'kuthira m'madzi otentha. Atatakasa katatu timiyala tinasowa. Anasefa ndi kansalu kaja, madzi n'kutsala oyera mbee. Makolo m'mawindo anaomba m'manja ngati mwana wabadwa. A Khwatchani anawaletsa, amvekere sitinafike.

Agustino analowa atanyamula batire ngati akupereka mbuzi ya chipepeso. A Khwatchani anauza ana onse kuti abwerere m'mbuyo, anatapa asidi pang'ono ndi sirinji, n'kumudonthezera m'madzi ozizira, akubwereza kawiri kuti asidi ndiye amapita m'madzi, osati madzi mu asidi, ndipo aliyense wokayesa zimenezi kwawo adzaonana ndi iwo asanaonane ndi dokotala. Anati asidi wa batire ndi salifiyuriki. Kenako ananyamula mabotolo awiri a jamu, onse a madzi oyera, n'kuthira limodzi mu linzake.

Munachita mtambo woyera ngati mkaka. Pang'onopang'ono mtambowo unatsika n'kukhala pansi.

Ine ndaona zinthu zambiri, koma madzi awiri oyera kubala ufa ndinali ndisanaone. Rakele anatumidwa pa bolodi kukalemba, aphunzitsi akumuthandiza apa ndi apo. Ndinakopera pa chikuto cha buku la komiti, ndipo ndikadali nazo:

Sr²⁺ + 2OH⁻ + 2H⁺ + SO₄²⁻ → SrSO₄ + 2H₂O

Apa mayi Msiska anadzuka. Anayenda mpaka kutsogolo, n'kuyang'ana bolodi pamwamba pa magalasi.

"Aphunzitsi, ndamva panjira kuti kuno amakutchulani a Khwatchani. Khwatchani tione."

A Khwatchani anakweza choko mokondwa, ngati munthu amene wapatsidwa nyimbo yake. Analoza sitironshiyamu. Kumanja anali atagwirana ndi salifeti, ndiwo ufa uli pansi pa botolowo. Choko chinasuntha. Analoza hayidirokisayidi. Anali atagwirana ndi hayidirojeni n'kukhala madzi. Anabwerera koyamba, n'kuyendanso mzere wonse. Dongosolo lawo lonse linali la asidi wina uja amene sanabwere, ndipo m'chipwirikiti cha m'mawawo anali asanaganize kuti asidi wa Agustino sasiya munthu panja. Dzanja linakhala m'mwamba nthawi yaitali. Kenako linatsika.

"Ndinaziwerengapo m'buku," anatero. "Sindinazionepo. Mayi, pano palibe chokhwatcha. Aliyense wagwira ntchito."

Anatembenuka n'kuyang'ana kalasi: akazi awo ndi ketulo, Agustino ndi batire, mayi wa mandimu pa windo, ine ndi ndowa. Anabwereza kuti lero palibe woonerera.

Ine ndinayankhula, koyamba pa msonkhano uliwonse chaka chimenecho. Ndinafunsa kuti ngakhale sodiyamu?

"Sodiyamu lero sanabwere," anatero. "Kwabwera a Elifala."

Mayi Msiska sananene chilichonse cha chigamulo. Anafunsa ana mafunso angapo, anasaina m'buku la alendo, n'kupita. Ana a Fomu 4 anakankha pikapu ya Agustino kuchokera pa sukulu mpaka pa mlatho, chifukwa tsiku limenelo ngakhale mtsetse sunathandize.

Tinadikira sabata zisanu ndi imodzi. A Khwatchani anaonda. Mayi Manesi ankati usiku wonse amangotembenuka, ndipo botolo analisamutsira m'sutikesi yokiya, kiyi n'kumangirira m'chiuno. Kalata itabwera inali ya masamba awiri, yodzaza ndi mawu a mu ofesi. Anaiwerenga pa komiti ataimirira, kenako anatulutsa pensulo n'kuyamba ntchito yawo. Khwatcha moni, khwatcha ndime yoyamba, khwatcha yachiwiri. Panatsala mawu awiri: sayansi ipitirire. Chaka chotsatira kunabwera bokosi la zipangizo, lokhala ndi magalasi oyesera enieni. Mabotolo a jamu sanawataye.

Anaphunzitsa zaka zina ziwiri. Chaka chachitatu chifuwa chinawagwira nthawi ya dzinja, ndipo sichinawasiye. Tsiku lopita nawo kuchipatala cha ku Mtengowanthenga ana awo anali kutali, mayi Manesi miyendo inali itatupa, ndiye ndinapita ndine. Tinawagoneka pa matiresi kumbuyo kwa pikapu ya Agustino, mutu wawo pa miyendo yanga. Msewu unali woipa. Titadutsa mapiri, dzuwa lili pamutu, anatsegula maso.

"A Sodiyamu."

"Ndili pano."

"Pali chimene sindinakuuzeni. Woonerera timamukhwatcha pa bolodi pokha. M'botolo amakhalamobe. Popanda iye mnzakeyo sangafike m'madzi. Ndiye amamuperekeza."

Ndinawauza kuti asunge mpweya, asautaye pa nkhani za sukulu. Anaseka pang'ono, n'kukhosomola. Anati ndine sodiyamu ndithu.

Anakhala m'chipatala masiku anayi. Anamwino anachita zonse zimene akanatha. Tsiku lachisanu tinabwera nawo pa pikapu yomweyo.

Pa maliro anthu anayankhula kwambiri. Woimira sukulu, woimira mpingo, woimira banja, oimira zipani ziwiri, onse anati tataya munthu wofunika, dzenje lake silidzakwiririka. Ndinaona anthu angapo akuyang'anana, akudziletsa kuseka, chifukwa tonse tinkadziwa chimene mwini maliro akanachita ndi mawu onenedwa kasanu.

Sayansi ikuphunzitsidwabe pa sukulu yathu. Rakele ndi namwino tsopano, ndipo si yekha. Botolo la bulauni lili pa shelefu mu ofesi ya ahedi, lotsekedwa ndi phula la kandulo, ndipo mayi Manesi akabwera pa tsiku la makolo amaliyang'ana n'kunena kuti likufunika mphepo. Misonkhano ya komiti masiku ano imatha dzuwa litalowa. Aliyense amayankhula, wina kubwereza za mnzake, ndipo palibe wodzuka kupita pa bolodi. Milandu ya mabanja imatenga masiku atatu. Chaka cha zisankho chikafika timamvera malonjezo onse mpaka kumapeto.

Ine anthu akunditchulabe a Sodiyamu, ndipo ndinasiya kukana. Koma pa mfundo imodzi aphunzitsi analakwa, ndipo ndikanakonda akanakhalapo kuti ndiwauze pamaso. Ankati sodiyamu amatuluka momwe walowera. Ku Mtengowanthenga kuja ndinawaperekeza, ndinalowa nawo, ndinatuluka. Sindinatuluke momwe ndinalowera.